Kupima Mphamvu ya M'maselo: Mmene Madokotala Amadziwira Matenda a Mitochondria

LUSAKA. M'mawa uliwonse pa City Market, m'mbali mwa msewu wa Lumumba, anyamata okankha mawilibala, amene anthu a mu Lusaka amawatcha ma Zamcab, amasenza matumba a ufa, makala ndi kabichi kuchokera pamene mabasi amaima. Amayi ogulitsa kapenta ndi tomato amayamba malonda m'bandakucha, n'kudzaweruka dzuwa litalowa. Mphamvu za anthu onsewa zimachokera ku chakudya chimene adya ndi ku mpweya umene apuma. Koma nsima payokha siingakankhe wilibala. Iyenera kusandutsidwa kaye kukhala mphamvu imene minofu ingathe kugwiritsa ntchito, ndipo ntchito imeneyi imachitikira m'tinthu ting'onoting'ono ta m'kati mwa maselo a thupi, totchedwa mitochondria.

Mitochondria ikafooka, munthu amadwala ngakhale akudya mokwanira. Matenda ake amabisala kumbuyo kwa zizindikiro zodziwika monga kutopa, kukomoka, kugontha kapena shuga, motero savuta kuwasokoneza ndi matenda ena. Dziko la Zambia linakumana nalo vutoli maso ndi maso pamene mankhwala oyambirira a ma ARV anafika m'zipatala za boma. Nkhani ino ikulongosola mmene mitochondria imagwirira ntchito, mmene akatswiri amaipimira, ndi zimene odwala ndi achibale awo ayenera kudziwa.

Kodi mitochondria n'chiyani?

Thupi la munthu linapangidwa ndi maselo ochuluka zedi, ndipo pafupifupi selo lililonse lili ndi mitochondria. Maselo ena ali nayo mazana, ena zikwi. Maselo ofiira a m'magazi alibiretu. Dzina lakuti mitochondria linaperekedwa m'chaka cha 1898 ndi katswiri wa ku Germany, Carl Benda.

Ntchito yaikulu ya mitochondria ndi kutenga zotsalira za shuga ndi mafuta a m'chakudya, kuziphatikiza ndi mpweya wa okosijeni, ndi kupanga chinthu chotchedwa ATP. ATP ndiyo imene minofu, ubongo ndi ziwalo zina zimagwiritsa ntchito mwachindunji. Thupi silisunga ATP yambiri. Limaipanga ndi kuigwiritsa ntchito mosalekeza, kotero kuti pa tsiku limodzi munthu wamkulu amapanga ATP yolemera pafupifupi mofanana ndi thupi lake.

Kagwiridwe kake kamafanana ndi ka damu la Kariba. M'chikopa cha m'kati cha mitochondria muli magulu asanu a mapuloteni, amene amatchulidwa ndi manambala, kuyambira Complex I kufika Complex V. Magulu anayi oyamba amapatsirana mphamvu yochokera m'chakudya, ndipo atatu mwa iwo amapopera tinthu totchedwa ma proton mbali imodzi ya chikopacho, monga madzi aunjikana kuseri kwa khoma la damu. Gulu lachinayi ndilo limagwiritsa ntchito okosijeni. Gulu lachisanu lili ngati makina ozungulira opangira magetsi: ma proton akamadutsamo pobwerera, ilo limazungulira ndi kupanga ATP. Amene analongosola kayendedwe kameneka anali Peter Mitchell wa ku England m'chaka cha 1961, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1978.

Madzi a Kariba atachepa chifukwa cha chilala cha 2024, malo ofuna magetsi ambiri ndiwo anavutika koposa. M'thupi ndi chimodzimodzi. Ubongo umalemera pafupifupi 2 peresenti chabe ya thupi, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi 20 peresenti ya okosijeni imene munthu amapuma akakhala phee. M'maselo a mtima, mitochondria imatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malo onse. Choncho mitochondria ikalephera, ubongo, mtima, minofu, maso, makutu ndi chiwindi ndizo zimayamba kuonetsa vuto.

Wodwala woyamba

Kupima mpweya umene maselo amagwiritsa ntchito kunayamba kale. Otto Warburg wa ku Berlin, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1931, ankaika tizidutswa ta mnofu m'timabotolo totseka ndi kuona mmene mpweya ukucheperamo. M'zaka za m'ma 1950 Leland Clark wa ku America anapanga kachipangizo kamagetsi kopima okosijeni m'madzi, ndipo mu 1955 Britton Chance ndi G. R. Williams anasonyeza mmene kupuma kwa mitochondria kumasinthira ikapatsidwa kapena kumanidwa zinthu zofunika.

Njira zimenezi zinafika kwa wodwala ku Stockholm, m'dziko la Sweden. Dokotala Rolf Luft anali ndi wodwala wamkazi amene ankatuluka thukuta kwambiri kuyambira ali mwana, ankadya kwambiri, koma anali wowonda ndi wofooka. Zizindikirozi zinkaloza ku matenda a chithokomiro, koma chithokomiro chake chinali bwino. Luft ndi mnzake Lars Ernster anadula kachidutswa ka mnofu wa mayiyo, n'kupeza kuti mitochondria yake inkatentha chakudya mosaletseka, mphamvu yambiri n'kumatayika monga kutentha m'malo mokhala ATP. Zotsatirazi zinalengezedwa mu 1962, ndipo aka kanali koyamba kuti matenda a munthu atsimikizidwe kuti gwero lake ndi mitochondria.

Kupima koyamba: lactate m'magazi

Selo likalephera kugwiritsa ntchito okosijeni, limatenga njira yachidule yopezera mphamvu. Njirayi ndi yowononga, pakuti kachigawo kamodzi ka shuga kamene kakanapereka ATP pafupifupi 30 kamangopereka 2, ndipo pamatsala chinthu chotchedwa lactate. Munthu wathanzi akathamanga kwambiri lactate imakwera, koma akapumula imatsika. Mwa munthu amene wakhala phee, mlingo wake nthawi zambiri sufika mamilimolo 2 pa lita imodzi ya magazi. Ikapitirira 5, makamaka magazi atayamba kuwawasa, moyo umakhala pa ngozi, ndipo wodwala amapuma mofulumira ndi mokoka kwambiri.

Lactate ingapimidwe mu labotale kapena ndi kamakina kogwira m'manja kofanana ndi kopimira shuga. Komabe kupimaku kumafuna kusamala. Lamba womanga mkono akakhalitsa, kapena mwana akalira ndi kulimbana nthawi yaitali pomutenga magazi, lactate imakwera popanda matenda. Magazi akasiyidwa patebulo nthawi yaitali, maselo ofiira amapitiriza kupanga lactate m'botolo momwemo. N'chifukwa chake magaziwo amaikidwa m'botolo lokhala ndi mankhwala oletsa zimenezi, kapena pa ayezi, ndi kupimidwa msanga.

Kukwera kwa lactate sikutanthauza kuti munthu ali ndi matenda obadwa nawo a mitochondria. Imakweranso pa malungo aakulu, pa matenda a tizilombo tolowa m'magazi, pa kutaya magazi ambiri ndi pa kulephera kwa mtima. Ndiponso odwala ena a mitochondria amakhala ndi lactate yabwinobwino. Chotero dokotala amaiwerenga pamodzi ndi mbiri ya wodwala ndi zopima zina.

Kupima mnofu ndi kupuma kwa maselo

Njira yachiwiri ndi kudula kachidutswa ka mnofu, kawirikawiri pantchafu, munthu atabaidwa jakisoni wochititsa dzanzi. Kachidutswako kakapakidwa utoto wapadera ndi kuonedwa pa makina okuza zinthu, maselo odwala amaoneka ofiira ndi onyanyuka m'mbali, chifukwa mitochondria yolumala imaunjikana m'menemo. Utoto wina umasonyeza maselo amene Complex IV yake sikugwira ntchito. Gawo lina la mnofuwo limaumitsidwa m'firiji yozizira madigiri 80 kunsi kwa ziro, kuti akatswiri adzapime mphamvu ya gulu lililonse la mapuloteni palokha.

Njira yachitatu imapima kupuma kwa maselo amoyo. Maselo a khungu olimidwa mu labotale, maselo oyera a m'magazi kapena ulusi wa mnofu zimaikidwa m'kachipinda kotseka, ndipo makina amalemba liwiro limene okosijeni ikuthera. Makina odziwika pa ntchitoyi ndi Oroboros, opangidwa ku Innsbruck m'dziko la Austria, ndi Seahorse a ku America.

Katswiri amayamba ndi kupima mmene maselo akupumira pawokha. Kenaka amathira mankhwala otchedwa oligomycin, amene amatseka Complex V. Kutsika kwa kupuma kumene kumatsatira kumasonyeza kuchuluka kwa okosijeni imene inkagwiritsidwa ntchito popanga ATP. Pambuyo pake amathira FCCP, imene imaboola chikopa kuti ma proton adutse mosaletseka, ndipo mitochondria imathamanga mpaka pamene mphamvu zake zathera. Kusiyana kwa liwiro limeneli ndi la poyamba ndiko mphamvu yosungira, imene selo limadalira munthu akadwala kapena akagwira ntchito yolemetsa. Potsiriza amathira rotenone ndi antimycin, zimene zimatseka Complex I ndi Complex III, ndipo kupuma konse kwa mitochondria kumaima. Mankhwala a mtundu wa rotenone amapezekanso m'masamba a ombwe, chomera chimene m'Chibemba chimatchedwa ububa. Ombwe amapha nsomba m'madzi mwa njira yomweyi, potseka kupuma kwa maselo ake.

Makina otere ndi odula, amafuna magetsi osazimazima, ndiponso maselo ake ayenera kupimidwa adakali amoyo. Pa zifukwa zimenezi amapezeka m'malabotale ochepa, ndipo amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa kafukufuku kapena potsimikizira zimene njira zina zapeza. Kumwera kwa Africa kuno, ntchito yaikulu yopima ana oganiziridwa matendawa yachitika ku South Africa, makamaka ku North-West University mu mzinda wa Potchefstroom mogwirizana ndi madokotala a ana a ku Pretoria.

Kupima DNA

Mitochondria ili ndi DNA yakeyake, yosiyana ndi ya pakati pa selo. Akatswiri a ku Cambridge anaiwerenga yonse mu 1981, ndipo anapeza zilembo 16,569 zokhala ndi malangizo 37, mwa iwo 13 opangira mapuloteni. Mu 1988 kunapezeka zolakwika zoyamba m'DNA imeneyi zimene zimadwalitsa munthu. Mapuloteni ena a mitochondria, opitirira 1,000, malangizo ake ali m'DNA ya pakati pa selo. Lerolino zipatala zimene zili ndi zipangizo zimayamba ndi kupima DNA ya m'magazi kapena ya mumkodzo, ndipo kudula mnofu kumabwera pokhapokha yankho likapanda kumveka.

Phunziro la stavudine

Mu April 2004 makiliniki a boma a mu Lusaka, mothandizana ndi bungwe la CIDRZ, anayamba kupereka ma ARV kwa anthu ambiri. Pofika kumapeto kwa 2005, anthu opitirira 16,000 anali atayamba mankhwala m'makiliniki amenewa, ndipo chaka chomwecho boma la Pulezidenti Levy Mwanawasa linalamula kuti ma ARV aziperekedwa kwaulere m'dziko lonse. Ambiri ankamwa piritsi la Triomune, limene linali ndi mankhwala atatu: stavudine, lamivudine ndi nevirapine. Linali lotsika mtengo, ndipo linadzutsa anthu ambirimbiri amene achibale anali atataya kale mtima.

Koma stavudine inali ndi vuto. Imaletsa kachilombo ka HIV kuchulukitsa malangizo ake a chibadwa, ndipo mwatsoka imaletsanso puloteni yotchedwa polymerase gamma, imene imachulukitsa DNA ya mitochondria. Pakapita miyezi, DNA imeneyi imachepa ndipo maselo amasowa mphamvu. Odwala ena ankamva mapazi kutentha, kulasalasa kapena kuchita dzanzi. Ena mafuta a m'masaya, m'manja ndi m'miyendo ankatha, nkhope n'kulowa m'kati, zimene zinkawachititsa manyazi pakati pa anthu. Ochepa ankadwala matenda oopsa a kuchuluka kwa lactate, amene ankayamba ndi nseru, kusanza, kupweteka m'mimba, kuwonda ndi kutopa, kenaka kupuma mobanika. Vutoli linkagwera kwambiri akazi onenepa, kawirikawiri pakati pa miyezi 6 ndi 18 chiyambire mankhwala. Linali lovuta kulizindikira, chifukwa linkabwera pamene wodwala ankaoneka kuti wachira. Apa m'pamene kupima lactate kunasanduka nkhani ya moyo ndi imfa kwa odwala wamba, pakuti vuto likadziwika msanga ndi mankhwala kusinthidwa, ambiri ankapulumuka.

Mu 2007 dziko la Zambia linaika tenofovir m'malo mwa stavudine kwa akuluakulu oyamba kumene mankhwala, ndipo linali limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza maiko mu 2009 kuti asiye stavudine pang'onopang'ono, ndipo dziko la Malawi linayamba kuisiya mu 2011. Masiku ano anthu ambiri amamwa piritsi limodzi patsiku lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, limene siliwononga mitochondria monga momwe stavudine inkachitira. Munthu amene ali pa ma ARV sayenera kuwasiya payekha. Akamva zachilendo m'thupi, apite ku kiliniki imene amalandirako mankhwala.

Zina zimene zimafooketsa mitochondria

Chinangwa chowawa chili ndi poizoni wotchedwa cyanide, amene amatseka Complex IV. Chikadyedwa chisanaviikidwe bwino, munthu amachita chizungulire, amasanza, ndipo angathe kufa. Kudya chinangwa chotere kwa milungu yambiri popanda ndiwo zomanga thupi kumagwirizana ndi matenda a konzo, amene amapuwalitsa miyendo mwadzidzidzi. Pa chilala cha 1981, anthu opitirira 1,000 anapuwala motere m'chigawo cha Nampula ku Mozambique. Kusenda chinangwa, kuchiviika m'madzi kwa masiku angapo mpaka chifewe ndi kuchiyanika bwino kumachotsa poizoni wambiri.

Mbaula yoyaka m'nyumba yotseka m'miyezi yozizira ya June ndi July imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Mpweya umenewu umalanda malo a okosijeni m'magazi ndiponso umasokoneza Complex IV, ndipo anthu amafera kutulo. Makala, amene ambiri mu Lusaka amawatcha malasha, sayenera kusiyidwa akuyaka m'chipinda chogona.

Njala nayonso imakhudza mitochondria. Kafukufuku wa ana onyentchera pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre anasonyeza kuti chiwindi cha ana otupikana chimapanga shuga wochepa, ndipo kafukufuku wa pa makoswe wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti kusowa zakudya zomanga thupi kumawononga mitochondria ya m'chiwindi. Mankhwala a shuga a metformin ndi abwino kwa anthu ambiri, koma impso zikafooka kwambiri amaunjikana m'thupi ndipo angakweze lactate. N'chifukwa chake omwa mankhwalawa amapimidwa impso nthawi ndi nthawi.

Matenda obadwa nawo

Kafukufuku wa kumpoto chakum'mawa kwa England, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anthu 4,300 ali ndi matenda obadwa nawo a mitochondria kapena ali pa chiopsezo chowadwala. Matendawa ali mitundumitundu. Matenda a Leigh, amene analongosoledwa mu 1951, amagwira makanda: mwana amene ankakula bwino amaleka kukhala kapena kuyenda, kawirikawiri pambuyo pa kutentha thupi. Matenda a MELAS amabweretsa khunyu, mutu waching'alang'ala ndi zizindikiro zonga za sitiroko mwa achinyamata. Matenda a Leber amachititsa khungu m'maso onse awiri m'milungu kapena miyezi yochepa, makamaka mwa anyamata, ndipo fodya amawonjezera chiopsezo. Palinso mtundu wa shuga umene umabwera pamodzi ndi kugontha mwa anthu osanenepa, n'kumayenda m'banja kudzera kuchikazi.

DNA ya mitochondria imachokera kwa mayi yekha. Mayi amaipereka kwa ana ake onse, aamuna ndi aakazi, koma ana aakazi okha ndiwo amaipitiriza. Selo limodzi lingakhale ndi DNA yabwino ndi yolakwika zosakanikirana, ndipo kuchuluka kwa yolakwikayo kumasiyana mwana ndi mwana. N'chifukwa chake m'mimba imodzi mungatuluke mwana wodwala kwambiri ndi wina wathanzi. Komabe, mwa ana ang'onoang'ono matenda ambiri otere amachokera ku DNA ya pakati pa selo, pamene bambo ndi mayi onse awiri apereka cholakwika chofanana iwo osadwala. Palibe kholo limene lingasankhe kapena kudziwiratu zimenezi. Kuloza chala mkazi, kumuthamangitsa pabanja kapena kunamizira agogo ufiti kumangowonjezera chisoni, ndiponso kumachedwetsa mwana kufika kuchipatala.

Ku Britain, lamulo la 2015 linalola njira yotenga mitochondria yathanzi kuchokera ku dzira la mkazi wina, ndipo mu July 2025 madokotala a ku Newcastle analengeza kuti ana asanu ndi atatu anabadwa mwa njira imeneyi.

Zimene odwala ndi achibale ayenera kudziwa

Kutopa kwa anthu ambiri sikuchokera ku matenda osowa ngati amenewa. Kuchepa kwa magazi, malungo, chifuwa chachikulu cha TB, HIV, shuga, chithokomiro ndi matenda a sickle cell ndizo zoyamba kupimidwa, ndipo zonsezi zili ndi chithandizo. Dokotala amayamba kuganizira za mitochondria pamene ziwalo zingapo zosayandikana zadwala pamodzi popanda chifukwa chodziwika, monga shuga ndi kugontha, kapena khunyu ndi kufooka kwa minofu ndi kugwa kwa zikope. Amaganiziranso zimenezi pamene mwana wayamba kutaya luso limene anali nalo, kapena pamene ana angapo m'banja limodzi adwala mofanana.

Njira ndi yofanana kwa wokhala ku Kabwata, Chelstone, Woodlands kapena Kabulonga: kuyambira ku kiliniki yapafupi, kumene angatumizidwe ku chipatala chachikulu monga University Teaching Hospital. Ndi bwino kunyamula khadi la mwana la kusikelo, mabotolo a mankhwala onse amene wodwala akumwa, ndi kufunsa akuluakulu a m'banja za achibale amene anagontha, anachita khungu kapena anamwalira ali aang'ono, ku mbali zonse ziwiri.

Ambiri mwa matenda obadwa nawowa alibe mankhwala ochiritsiratu, koma kuwadziwa kumateteza wodwala. Mankhwala a khunyu a sodium valproate angawononge chiwindi cha munthu amene polymerase gamma yake ili ndi vuto. Majakisoni monga gentamicin ndi streptomycin angagonthetse msanga anthu a m'mabanja ena okhala ndi cholakwika m'DNA ya mitochondria. Wodwala wotere sayenera kukhala nthawi yaitali osadya, ndipo akatentha thupi, akasanza kapena akatsegula m'mimba afunika kuonedwa mwamsanga. Mavitamini monga riboflavin ndi coenzyme Q10 amathandiza mitundu yowerengeka chabe ya matendawa, ndipo ayenera kulembedwa ndi dokotala. Mabotolo ndi mapaketi amene amagulitsidwa m'misika ndi m'mabasi monga owonjezera mphamvu sangakonze mitochondria yodwala, ndipo ndalama zake zingathandize koposa pa chakudya chabwino ndi pa ulendo wopita kuchipatala.

Munthu aliyense, wamkulu kapena mwana, amene akupuma mofulumira ndi mokoka, akusanza mosalekeza, kapena wayamba kusokonezeka maganizo, atengeredwe kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku.